Makamera a pakhomo: ndigule, kapena mayunitsi andimaliza?

Mai a Tadala, Area 25:
Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Sabata yatha akuba analumpha mpanda kwathu usiku, anatenga batire la galimoto, silinda ya gasi yomwe inali pakhonde la kuseri, ndi mayunifolomu a ana omwe anagona pachingwe. Tinadziwira m'mawa titaona mapazi pamatope pafupi ndi mpopi. Bambo a kunyumba akuti tiike makamera anayi. Ine chikundidetsa nkhawa ndi magetsi. Mayunitsi omwe timagula safika kale kumapeto kwa mwezi, nanga chinthu choyaka usana ndi usiku osazimitsako si chitimaliza? Amene muli nawo ndiuzeni zoona.

Aphiri amagetsi:
Pepani ndi zomwe zakuonekerani amayi. Pa mayunitsi musaope, tiwerengere limodzi. Kamera wamba, kaya ya Hikvision kaya ya Dahua, imadya mawati 4 mpaka 6 masana. Usiku imakwerako pang'ono chifukwa timagetsi tofiira tija timayaka kuti ione mumdima. Tingoti mawati 6 iliyonse, anayi ndi 24. Kabokosi kosunga makanema, DVR, pamodzi ndi hard disk yake, ikani 15. Zonse pamodzi ndi mawati 40. Kwa maola 24 ndi pafupifupi yuniti imodzi. Pamwezi mayunitsi 30. Tengani lisiti lomwe munagulira magetsi komaliza, muone mtengo wa yuniti imodzi, muchulukitse ndi 30, yankho lanu ndi limenelo.

Mai a Tadala, Area 25:
Yuniti imodzi yokha patsiku? Ine ndimayesa ngati filiji ina.

Aphiri amagetsi:
Yokha amayi. Simbi ya mawati 1,000 mukasitira ola lathunthu yadya yomweyo. Hotipuleti mukaphikira nyemba ndiye yapitirira kutali. Amene amamaliza mayunitsi m'nyumba ndi giza, hotipuleti ndi ketulo. Mukawonjezera rauta kuti muziona pafoni, ikaninso mawati 8 kapena 10. Koma TV yoonera makamerawo musamaisiye yoyaka tsiku lonse, imeneyo ndiyo ingadye kuposa makamera onse anayi.

Anachisale, Machinjiri:
Aphiri anena zoona, ine ndili nawo chaka chachitatu ndipo pa mita sindinaone kusintha kodandaulitsa. Koma achemwali, funso lanu mwalozetsa polakwika. Vuto si magetsi omwe makamera amadya, vuto ndi nthawi yomwe magetsiwo kulibe. Ine anandibera pampu ya madzi makamera ali pakhoma. Usiku umenewo magetsi anazima cha m'ma 11, anabwera m'ma 4. M'mawa ndinakhala pampando ndi mwana wanga kubweza kanema m'mbuyo. Tinaona galu akuyendayenda pafupi ndi thanki, nthawi ikuonetsa 22:58, kenako chithunzi chotsatira ndi 04:10, pampu palibe, mapaipi ali lendelende madzi akutayika. Ndinalira, osati chifukwa cha pampu yokha, koma ndalama zonse zomwe ndinaika pakhomapo. Akuba amadziwa kuti dera lonse likachita mdima ndiye nthawi yawo. Ngati mulibe ndalama ya batire, dikirani kaye.

A Gondwe:
Ine ndinena mosabisa, musagule. Kamera sigwira wakuba, imangokuonetsani mmene anakuberani. Anyamata a masiku ano amabwera atavala chipewa ndi kansalu kumaso, mukapita ndi kanemayo kupolisi akufunsani kuti mukumudziwa? Ndalama imeneyo gulani agalu awiri, kwezani mpanda, muzisonkha nawo ya alonda a m'dera. Galu akauwa mumadzuka, kamera imakhala chete.

Anachisale, Machinjiri:
Bambo Gondwe, agalu amawapatsa nyama yothira tameki, mwaiwala? Wanga uja m'mawa mwake anali wofooka, sanadye masiku awiri.

A Gondwe:
Sindikukana mayi. Koma ndi kugwa kwa kwacha kuja, 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Makamera, mawaya, hard disk, batire, womangirira naye afuna yake. Munthu amene akudandaula kale za mayunitsi mukumuuza awonjezere batire ndi sola?

Achimwene a ku Joni:
Ndilowepo pang'ono. Kuno ku Johannesburg mu 2023 magetsi amazima pafupifupi tsiku lililonse, ndiye nkhani ya mabatire tinaiphunzira mokakamizika. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kugula ka UPS ka kompyuta, kabokosi kosunga magetsi kuti kompyuta isazime magetsi akazima. Mkati mwake muli kabatire ka 12V 7Ah, komwe pa mawati 40 sikafika maola awiri, ndipo pakatha chaka kamakhala katatheratu. Chinanso, musathamangire inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma. Makamera ambiri a mawaya ndi DVR yake amayendera 12V kale, kabokosi kakuda kapapulagi kaja ntchito yake ndi kutsitsa magetsi a pakhoma kuti afike pa 12V. Ndiye kukweza magetsi a batire ndi inveta kenako kuwatsitsanso ndi kutaya mphamvu pachabe. Pali timabokosi ta magetsi a makamera tokhala ndi malo a batire, magetsi akazima timasinthira tokha osadukiza. Funsani zimenezo m'mashopu.

Mai a Tadala, Area 25:
Ndiye batire lake likhale lalikulu bwanji achimwene? La galimoto silingathandize?

Aphiri amagetsi:
La galimoto ayi amayi, limapangidwira kulizira injini kamphindi kochepa, mukamalikhetsa tsiku ndi tsiku miyezi yochepa lafa. Pezani la sola. La 100Ah pa 12V limasunga yuniti imodzi ndi kachidutswa, koma la asidi simuyenera kulitsitsa kupitirira theka. Ndiye muli ndi maola pafupifupi 15 pa mawati 40 aja. Usiku wonse mwadutsa. La 50Ah likupatsani maola 7. La lithium limakhalitsa ndipo mumalikhetsa kwambiri osalipweteka, koma mtengo wake ndi wina.

Ndipo anthu asaganize kuti kuzima kwa maola ambiri ndi nkhani yakale. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti abwerere. Nthawi ngati imeneyo batire silipeza mpata wodzaza. Mpake ena amaikirapo panelo la sola. Kuti mupeze yuniti imodzi patsiku, panelo la mawati 300 limakwana bwino, poganizira masiku a mitambo.

Anachisale, Machinjiri:
Makamaka kuno ku Blantyre mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwira masiku atatu. Langa ndi la 200, nthawi imeneyo limaperewera, ndimathandizira ndi chaja ya pakhoma.

Mphwanu Yamikani:
Nanga bwanji osangogula makamera a sola aja olowa SIM kadi? Ine ndinaika imodzi pageti, mayunitsi ziro, mawaya palibe. Munthu akadutsa foni imalira.

Achimwene a ku Joni:
Ndi abwino pamalo opanda magetsi, ngati pa puloti pomwe mukumanga. Koma dziwa mphwanga kuti ambiri mwa amenewo amagona, amadzuka akamva kuti chinthu chayenda. Munthu wothamanga nthawi zina umangoona msana wake akutuluka. Komanso ndalama yomwe wapulumutsa pa mayunitsi ikupita ku bandulo ya TNM kapena Airtel mwezi ndi mwezi, ndipo bandulo ikatha foni siliranso.

Mphwanu Yamikani:
Za bandulo ndi zoona achimwene. Ndimayesetsa kusatsegula kanema wa pompopompo pafupipafupi, ndi amene amadya kwambiri.

A Gondwe:
Mwaona? Batire, panelo, bandulo. Tayambira yuniti imodzi tafika pati?

Anachisale, Machinjiri:
Tafika patali ndithu bambo, sindikutsutsani. Koma ndikuuzeni chomwe chinachitika nditaika batire. Mwezi wa Okutobala magetsi atazima, anthu awiri anafika pageti. Mmodzi anakweza mutu, anaona timagetsi tofiira tikuyaka pomwe nyumba zonse zili mumdima, anamukoka mnzake malaya nabwerera. Kanemayo ndili naye mpaka lero. Sindikuwadziwa, sanagwidwe, koma sanalowe.

Aphiri amagetsi:
Chomaliza kwa ine, dzinja likubwera, ikani chotetezera ku mphenzi ndi magetsi obwera mwamphamvu. Ma DVR ambiri omwe amandibweretsera amapsa nthawi yomwe magetsi akubwerera. Ndipo kabokosiko mukabise, osati pansi pa TV pabalaza. Akuba akalowa amanyamula komweko, umboni wonse wapita.

Mai a Tadala, Area 25:
Zikomo nonse. Ndakambirana ndi bambo a Tadala. Anayi sitikwanitsa pamodzi ndi batire, ndiye tiyamba ndi awiri, ina pageti ina kuseri komwe analowera, ndalama ya awiri enawo ipite ku batire. Bambo Gondwe, ya alonda tipitiriza kusonkha, ndipo galu tikumufunafuna. Aphiri, makamera awiri ndi DVR, batire la 50Ah lingatifikitse m'mawa?

Aphiri amagetsi:
Awiri ndi DVR ndi mawati 27 kapena 30. La 50Ah likupatsani maola 10 ngati rauta simuilumikiza komweko. Mukailumikiza, 8.