Madzi a m'chifuwa mwa bambo: tiyezetse mapuloteni kapena tisunge ndalama za biopsy?

Wofunsa (ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe):
Abale anga, ndigawireniko nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 74. Ali mnyamata anagwira ntchito ku mgodi wa asbestos ku Zvishavane, ndipo fodya wopichira anamusuta zaka zambiri. Akumwa mankhwala a TB koma akungowonderawondera, lamba tachita kuboola bowo lina. Usiku amagona chokhala atatsamira mapilo chifukwa akagona chagada amabanika. Kuchipatala anawapopa madzi pakati pa nthiti, ofiirira ngati otsukira nyama. Makina oyezera TB otchedwa GeneXpert sanapeze TB, maselo a khansa nawonso akuti sanaoneke. Pano madzi adzazanso.

Alamu anga ku Johannesburg akuti tikayezetse madziwo ku labu yolipira, aone mapuloteni otchedwa CEA ndi CYFRA 21-1, ati tidziwiratu ngati ndi khansa popanda biopsy, kudula kanyama kokayeza. Bambo akuopa kudulidwa, inenso ndikuopa. Madola amene tasonkherana ndi ochepa, sangakwanire zonse ziwiri. Amene munadutsamo, tiyambe chiti?

Wogwira ntchito mu labu:
Pepani kwambiri achemwali. Mapuloteniwo alipodi. CEA imakonda kukwera pa khansa ya mtundu wa adenocarcinoma, CYFRA 21-1 makamaka pa ya squamous. Vuto lake, akakwera dokotala adzafunabe biopsy kuti adziwe mtundu wa khansayo, poti mankhwala amasankha potengera mtundu. Akapezeka otsika, sizitanthauza kuti khansa mulibe. Mafinya m'chifuwa nawonso amatha kuwakweza. Ndiye mulipira, kenako mubwerera pomwe muli lero.

Za maselo osaonekawo musadalire kwambiri. Popopa koyamba amapezeka mwa odwala pafupifupi 6 pa 10 alionse amene alidi ndi khansa, ena onsewo amaphonyedwa.

Namwino wa ku Highfield:
Ine chandigwira mtima ndi mgodiwo. Kodi adokotala munawauza? Fumbi la asbestos limayambitsa mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo, ndipo imatha kudzaonekera patadutsa zaka 30 kapena 40. Imeneyi maselo ake savuta kuphonya m'madzi, komanso CEA nthawi zambiri sikwera. Mukapita, muwauze zaka zimene anagwira ndi ntchito yake yeniyeni. Funsaninso ngati anayeza ADA. Ndi puloteni yomwe imakwera pa TB ya m'madzi otere, kawirikawiri kupyola 40. GeneXpert imaphonya TB ya m'madzi nthawi zambiri, choncho mankhwalawo asasiye okha dokotala asananene.

Wofunsa:
Za mgodi sanatifunse, ifenso sitinanene. ADA papepala sindikuiona, pali protein ndi LDH basi.

Wogwira ntchito mu labu:
Ziwirizo zimangosiyanitsa madzi obwera chifukwa cha mtima, chiwindi kapena impso ndi obwera chifukwa cha matenda a m'chifuwa momwemo. Pemphani ADA pa madzi amene apope ulendo uno, ndipo maselo awayezenso.

Amalume a ku Mabvuku:
Mwana wanga, kambiranani nawo bambowo modekha, makamaka pakhale wamkulu mnzawo. Anthu a msinkhu wathu timakhulupirira kuti khansa ukaikhudza ndi mpeni imafalikira. Malemu akulu anga anakana pa chifukwa chomwechi mpaka mphamvu zinawathera. Tinadzamva mochedwa kuti kanyamako amatha kutenga ndi singano, atabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi.

Namwino wa ku Highfield:
Zoona amalume. Pemphani kalata yopita kwa dokotala wa zifuwa, mutenge X-ray ndi mapepala onse. Zikadzatsimikizika, chipatala cha khansa chili ku Parirenyatwa mu Harare momwemo, ndipo a Cancer Association of Zimbabwe amapereka uphungu kwa banja lonse. Koma akabanika kwambiri usiku musadikire tsiku la kalata, thamangirani nawo ku casualty.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndalamazo tisungira biopsy. Amalume, kodi mungalole kulankhula nawo pafoni Lamlungu tikaweruka kutchalitchi? Ine ndikanena amangoti ndine mwana.