Kukagona usiku umodzi pa Phiri la Zomba mosakonzekera kwambiri: tinyamule chiyani?

Mnyamata wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Anthu atatu akangoganiza Lachisanu masana kuti akagone pa Phiri la Zomba mu tenti, anyamule chiyani, ndipo tentiyo aikhome pamalo otani? Mwezi wake ndi uno wa June. Cholinga n'kukapuma basi, kumvera mphepo ya m'mapaini ndi kudzuka kunja kuli zii.

Mayi wa ku Matawale:
Achimwene, yambani ndi nthawi. Mu June dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo pamwambapo nkhungu imatha kutsika msanga. Fikani pofika 3 koloko kuti mukhome tenti kukuwala. Musangokhoma paliponse chifukwa phirili ndi nkhalango yotetezedwa. Pitani pamalo ovomerezeka ogonapo alendo monga ku Trout Farm, kapena funsani kaye a zankhalango.

Chachiwiri ndi kuzizira, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tauni ili mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena apo, ndiye onjezanipo chiperoni. Anthu amanyamula mabulangete atatu n'kufunda onse, koma chisanu chimalowera pansi. Yalani pepala la pulasitiki, pamwamba pake mkeka kapena katoni, kenako bulangete limodzi logonera, awiri ofunda. Masokosi ogonera akhale ouma, osati amene mwakwera nawo phiri. Chipewa cha ubweya musachisiye.

Bambo wa ku Mulunguzi:
Mayi anena zoona. Ndionjezepo za tenti. Sankhani malo okwererapo pang'ono. M'chigwa kapena m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi mumaoneka bwino masana, koma usiku mpweya wozizira umatsikira momwemo, mame amachulukanso. Yang'anani kumwamba: ngati pali nthambi youma ya paini, sunthani.

Pulasitiki yapansi isatulukire kunja kwa tenti. Ikatulukira imakolola madzi a mvula n'kuwalowetsa kunsi kwanu. Ipindeni ibisike. Zikhomo zikhomedwe chopendekera, mutu wake ukuloza kutali ndi tenti, apo ayi mphepo ikakoka chingwe zimazuka. Khomo lisayang'ane kum'mwera chakum'mawa, kumene chiperoni chimachokera. Ndipo musatseke timazenera tonse ati kuti mumve kutentha. Mpweya wa anthu atatu umasanduka madontho kudenga, m'bandakucha mabulangete anyowa ngakhale mvula sinagwe.

Madzi: malita 5 munthu mmodzi, akumwa ndi ophikira. Am'mtsinje ngakhale aoneke oyera bwanji, awiritseni abwate mphindi 3. Mu damu la Mulunguzi musachapemo mbale kapena kusambamo, madzi amenewo ndi amene tauni yonse imamwa.

Achemwali a ku Sadzi:
Za moto ndiye chonde, abale. Masamba a paini akauma amayaka ngati mafuta, ndipo moto wolusa wawononga kale mitengo yambiri paphiripo. Ngati muli ndi kachitofu ka gasi, tengani kameneko. Mukaloledwa kusonkha moto, sesani malo a mamita 3 mpaka dothi lioneke, zungulizani miyala, moto ukhale waung'ono. Pozimitsa thirani madzi, takasani phulusa, thiraninso, mpaka mutaligwira ndi dzanja osamva kutentha. Kukwirira ndi dothi kokha sikokwanira, makala amakhalabe amoyo kunsi.

Chakudya sichivuta. Tengani ufa, mchere, mafuta, mazira ophikaphika, masamba a tiyi ndi shuga. Mbatatesi ndi zipatso monga sitiroberi mugula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu pokwera. Zonse zikhale mu ndowa yotseka bwino chifukwa anyani amadziwa jumbo ndi kutali komwe, ndipo mukawapatsa kamodzi sachokanso. Machesi akhale m'kabotolo kouma, tochi ikhale yakeyake kuti foni isathe moto.

Bambo wa ku Mulunguzi:
Za m'mawa wake, dzukani 5 koloko. Kukacha bwino, pa Queen's View kapena Emperor's View mumaona nyanja ya Chilwa ikunyezimira, Phiri la Mulanje lili patali ngati mtambo, tauni ili pansi panu. Khalani pamwala ndi tiyi wotentha, osayatsa wailesi, mbalame zokha zikukwanirani. Mukafuna mathithi, a Williams ndi osavuta kufikako. Ku dzenje la Chingwe ndi kutali, tengani wolondolera alendo wa pompo, makamaka kukakhala nkhungu, chifukwa tinjira ta m'mapaini timafanana ndipo m'mphepete mwa phirimo muli maphompho.

Mayi wa ku Matawale:
Musanakwere uzani wina kunyumba malo amene mukagone ndi nthawi yobwerera, netiweki imadukaduka pamwambapo. Tenti ikabwera yonyowa, iyanikeni tsiku lomwelo isanachite nkhungu, kenako muilongedze pamodzi ndi zikhomo, tochi ndi pulasitiki m'chikwama chimodzi chodikira Lachisanu lina.