Magalasi a VR poyeza chizungulire, ndi zoona kapena angotidyera ndalama?

Wa_ku_Mufakose: Abale ndithandizeni. Mayi anga sabata yatha anadzuka ndi chizungulire choopsa, kusanza, akati aime akungogwera kumanzere ngati aledzera pomwe mowa sanaulawepo chibadwire. BP ili bwino shuga ilinso bwino. Tinapita nawo kwa dokotala wa makutu ku Avenues ndiye anawaveka chimagalasi cha VR chija ana amaseweretsa magemu, akuti mkatimo muli mdima ndi kamzere kowala, iwo azikatembenuza mpaka kaime chilili. Atabwereza kangapo adokotala akuti mayi akupendeketsa madigiri 8 kumanzere, pomwe eni ake akulumbira kuti anakaongola bwinobwino. Kuyeza kwake nkumeneku?

Mjomba_Mbare: kkkk amayi alowa PlayStation atakalamba. Pepani achimwene, achire msanga

Fiziyo_Dzivarasekwa: Achimwene sanakubereni ayi, kuyeza kumeneku kulipo kalekale, amakutcha SVV, kuyeza ngati chimene munthu akuona kuti chili chilili chilidi chilili, magalasiwo ndiye achilendo. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timatumba tiwiri, utricle ndi saccule, momwe muli timiyala ting'onoting'ono ta calcium, mukapendeketsa mutu timiyalato timatsetsereka nkuuza ubongo kuti pansi ndi uku. Makutu onse akamagwira mofanana munthu amaongola kamzere kaja osaphonya kupitirira madigiri 2 kapena pamenepo, ngakhale mumdima. Koma khutu limodzi likafooka, mwachitsanzo mtsempha wake ukatupa, ubongo umamva mbali imodzi mokweza ndiye chilili chake chimapendekera ku khutu lodwalalo, mwini wake osadziwa nkomwe. Nchifukwa chake mayi akulumbira, sakunama, kwa iwo kanaongokadi. Mdimawo ndi dala, akanaona chitseko kapena khoma maso akanawabera mayankho.

NamwinoWakale: Zoona, koma ine ndinene zanga, zimenezi ndowa wamba imachita. Mumajambula mzere pansi pa ndowa mkati, kunja kwake mumamata pulotalakita ya kusukulu ija ndi kachingwe kolendewera kamwala ngati ka amisiri omanga, wodwala alowetse nkhope, inu muzitembenuza ndowayo mpaka anene kuti pamenepo waongoka, muwerenge pa chingwe. Madokotala a ku Munich anailemba njira imeneyi mu 2009. Ndowa ya pa Mbare Musika, sifuna tchaji magetsi akathima.

Fiziyo_Dzivarasekwa: Asisi pa ndowa sindikutsutsani, kukiliniki yakumudzi ndi yomweyo basi. Koma ndowa imadalira dzanja la woyeza ndi diso lake, komanso wodwala akapendeketsako mutu pang'ono simungadziwe ndi angati. Magalasi ali ndi sensa ngati ya mufoni ija imatembenuza sikirini, ndiye amalemba mutu uli pati nthawi iliyonse, mutha kuyeza mutu uli chilili kenako utapendekeka. Chimene ndimakondera ine nchakuti mutha kumunamiza munthu dala, kamzere kaja mukazinge ndi felemu yopendekeka kapena kumbuyo kwake muike timadontho tozungulira, muone ngati akutengeka nazo. Za felemuzi anayamba ofufuza awiri Witkin ndi Asch mu 1948 ndi ndodo yowala mchipinda chamdima. Amene amatengeka kwambiri ndi aja amadalira maso mopitirira, aja amati ndikalowa musupamaketi kapena ndikaima pa renki makombi akudutsadutsa mutu umazungulira, ndipo maekisasaizi awo timawakonza mosiyana. Kuipa kwake ena magalasiwo amawachititsa nseru, ndiye munthu wabwera kale akusanza.

Koma achimwene nambala ija payokha sinena matenda. Sitiroko ya kumunsi kwa ubongo nayo imapendeketsa mzere, ndipo makutu onse awiri akaonongeka mofanana, ngati zimachitikira ena ndi jakisoni wa gentamicin kapena streptomycin, mzere utha kutuluka woongoka munthu akudzandira. Anawayezanso china? Ndipo mukaona kulankhula kwalemera, akuona zinthu ziwiriziwiri, nkhope kapena mkono wachita dzanzi, mutu ukuwawa modabwitsa, musadikire tsiku la riviyu, thamangani nawo ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Gomo usiku womwewo.

Wa_ku_Mufakose: Zikomo kwambiri achemwali, mtima wakhalako pansi. Anawayang'ananso maso kwanthawi ndithu, nkuwagwedeza mutu mwadzidzidzi uku akuyang'ana mphuno ya adokotala, akuti ndi mtsempha wa khutu lakumanzere. Zadzanzizo palibe. Nanga 8 ameneyu adzatsika? Mayi angogona, akuopa kudzuka

Fiziyo_Dzivarasekwa: Amatsika pang'onopang'ono pamasabata kapena miyezi ubongo ukamazolowera, koma sumazolowera munthu ali pamphasa. Kusanza kukaleka adzuke, aziyenda mnyumba wina ali pambali, azitembenuza mutu akuyang'ana chinthu chimodzi pakhoma. Mapiritsi a chizungulire asawamwe masabata, amachedwetsa kuzolowerako, afunseni adokotala tsiku losiyira. Pepala la 8 lija lisungeni mukafanizire pa riviyu.

Mjomba_Mbare: ine ndowa ndaipeza kale, pulotalakita ndilanda ya mwana madzulo, ndiyambira pa alamu anu kkkk