Andipempha ndikhale mkhalapakati, koma mmodzi wandiuza chinsinsi. Nditani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi anzanga awiri amene anayamba bizinesi limodzi. Wina anaika mpamba, winayo ndiye amakhala pamalopo tsiku lonse, kuoda katundu, kugulitsa ndi kulemba m'buku. Poyamba sanalemberane kalikonse, anangogwirana chanza. Pano sakuonana ndi diso labwino. Wa mpamba uja akuti za m'buku sizikugwirizana ndi katundu amene ali pashelefu. Wogulitsayo akuti wakhala akukhetsa thukuta popanda malipiro, pomwe mnzakeyo amangotulukira mwezi ukatha kudzawerenga ndalama. Akazi awo nawonso anasiya kupatsana moni.

Onse awiri avomera kuti ine ndikhale pakati. Nditapita kukamva mbali ya wogulitsayo payekha, anayamba wandilumbiritsa kuti zimene anene zithere pomwepo. Kenako anaulula kuti anatapadi ndalama za bizinesi pamene mwana wake anagonekedwa m'chipatala, ndipo m'buku analemba kuti katundu anaonongeka. Nthawi yonseyi ankangotembenuza foni patebulo, osandiyang'ana. Akuti azibweza pang'onopang'ono mnzakeyo asadziwe.

Ndikakhala chete, ndikhala pa zokambiranazo ndikudziwa kuti wa mpamba akunena zoona, koma akuoneka ngati akungomusemera mnzake chinyau. Ndikaulula, ndaphwanya lonjezo. Nditani? Komanso ndiwakumanitse, kapena ndizipitabe kwa aliyense payekha?

Mayi wina: Kauzeni mwini ndalama basi. Matenda a mwana tonse timawamvetsa, koma bodza la m'bukulo ndiye ayi.

Bambo wachikulire: Mayi, mtima pansi pang'ono. Akaulula lero, mawa palibe amene adzawatsegulirenso pakamwa, ngakhale wa mpamba yemweyo, chifukwa adzadziwa kuti munthuyu sasunga mawu. Mkhalapakati amamva zambiri kuseri, ndipo saloledwa kuzitengera mbali inayo mwiniwake asanavomere. Ntchito yoweruza kuti wolakwa ndani si yake.

Koma achimwene ofunsa, pali chinthu china chimene simungachitenso: kutsogolera zokambirana zomangidwa pa bodza limene inu mukulidziwa. Mukatero ndiye kuti mwalowa kale mbali. Bwererani kwa mnzanuyo mukamuuze mosapsatira kuti chinsinsi chake simuulula, koma anene yekha, ndipo mumuikire tsiku. Mulonjezeni kuti mudzakhalapo, ndipo mudzaonetsetsa kuti nkhani ya malipiro ake nayonso yamvedwa. Akakana, mutule pansi udindowo. Simufunika kufotokoza chifukwa, mungonena kuti simungapitirize. Inde, wa mpamba adzakayika kuti pali kanthu. Zimenezo nzosapeweka, ndipo mnzanuyo adziwiretu kuti zidzatero.

Wokonda mbiri: Pa funso lachiwirilo, musathamangire kuwakhazika tebulo limodzi. Mu 1978 Jimmy Carter, amene anali pulezidenti wa America, anaitanira pulezidenti Anwar Sadat wa ku Egypt ndi nduna yaikulu Menachem Begin wa ku Israel ku Camp David, malo opumulirako pulezidenti wa America, kuti akambirane za mtendere. Zokambirana zinatenga masiku 13, koma m'masiku oyambirira okha zinaoneka kuti awiriwa akakhala chipinda chimodzi amangokwezerana mawu. Carter anawalekanitsa. Iye ndi anthu ake ankayenda ndi chikalata chimodzi, kupita nacho uku, kumva zodandaula, kukonza, kupita nacho uko, mpaka chinalembedwanso koposa ka 20. Chimene chinandigwira mtima ine ndi nkhani ya Sinai, dera la Egypt limene Israel inalanda pa nkhondo. Onse ankalimbirana dera lomwelo, koma Egypt inkafuna dziko lake libwerere, pomwe Israel inkaopa asilikali pafupi ndi malire ake. Anagwirizana kuti Sinai abwerere ku Egypt koma pakhale malire pa kuchuluka kwa asilikali ndi zida m'deralo, ndipo pangano la mtendere linasainidwa mu 1979.

Anzanuwo pakamwa akukangana za buku. Mwina wa mpamba chikumupweteka kwambiri ndi kuyesedwa chitsiru, ndipo wogulitsayo chikumuwawa ndi chakuti ntchito yake sinawerengedwepo ngati mpamba. Afunseni aliyense payekha kuti akufuna chiyani kwenikweni, mulembe papepala limodzi.

Mnyamata wina: Koma abale, tikukamba za kabizinesi ka anthu awiri, inu mwatifikitsa kwa mapulezidenti. Ine ndikuona kuti akuluwa asayambe n'komwe. Ndi mnzawo wa onse awiri, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Apeze munthu wachilendo.

Wokonda mbiri: Wachilendo akanauzidwa chinsinsi chimenechi? Kudziwana si vuto nthawi zonse. Pa zokambirana zothetsa nkhondo ya ku Mozambique, zimene zinachitikira ku Rome kuyambira 1990 mpaka pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama atasaina pangano la mtendere pa 4 October 1992, mmodzi mwa amkhalapakati anali Jaime Gonçalves, Arkibishopu wa ku Beira, mwana wa dziko lomwelo. Anagwira ntchito limodzi ndi a gulu la Chikatolika la ku Rome lotchedwa Sant'Egidio komanso nthumwi ya boma la Italy. Ngati mukuopa kukondera, onjezerani munthu wachiwiri amene onse amuvomere.

Mayi wina: Ndamva, koma chimodzi ndisabise. Tsiku lokumanalo akazi awo ndi abale asakhalepo. Mwamuna sangavomere kuti anatapa ndalama pamaso pa gulu, amangolimba khosi. Ndipo chilichonse chimene agwirizane chilembedwe, abweza zingati, liti, malipiro a wogulitsa ndi angati, buku aziliona ndani. Kugwirana chanza kuja ndi kumene kwawafikitsa pano.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndinapitanso kwa mnzanga uja ndi mawu a bambo aja. Poyamba anakwiya, akuti ndamugulitsa. Usiku anatumiza uthenga kuti anena yekha, koma pokhapokha ine ndiyambe ndakakamiza mnzakeyo kuvomera kuti ali naye ngongole ya malipiro a miyezi yonse yapitayi. Akuti zikatero ndalama anatengazo zingochotsedwa pamenepo. Ndivomere?

Bambo wachikulire: Musavomere. Akufuna mnzake asaine asanadziwe zoona, ndipo akadzazindikira adzati nonse awiri munamutchera msampha. Muuzeni kuti nkhani zonse ziwiri zilembedwa papepala la zokambirana ndipo wa mpamba aliona tsiku lisanafike, koma yoyamba kukambidwa ndi ya bukulo. Za kuchotserana ngongole akambirane okha onse atadziwa ziwerengero zenizeni. Ndipo mufunseni ngati ulendo wa kuchipatala uja unali wokhawo, chifukwa wa mpamba adzafunsa zimenezo mphindi yoyamba.