Ndalama za chaka chino: mpanda wa graundi kapena za atsikana?

Wapampando: Moni nonse a kwathu kuno ku Mtakataka ndi inu muli kutali. Ndalama zomwe tasonkha zikukwana ntchito imodzi basi. Anyamata apempha mpanda ndi magoli achitsulo pa graundi, aphunzitsi akuti tione kaye za atsikana. Tiyeni tikambirane mwaulemu.

Malume a ku Joni: Ine mpanda a Chair. Graundi ija ndi yomwe imasonkhanitsa anthu Lamulungu. Atsikanawa masewera asowa chani, mmawa kumjigo ndi chigubu pamutu, kusinja, kukafuna nkhuni, ulendo wa kusukulu wapansi, thupi silikugwira ntchito pamenepo?

Mayi Aphunzitsi: Malume zimenezo ndiye zikutilanda anawa. Kutunga madzi kumatopetsa koma mwana sasangalala nako, sapezako anzake, ndipo ndi nthawi yomweyo imene anyamata ali pa graundi. Ine ndimawaona tsiku ndi tsiku. Sitandade 4, 5 amasewera fulaye mpaka kuiwala kudya, mtsikana kudumpha mpira ngati alibe mafupa. Akangotha msinkhu mwana yemweyo amakhala pansi pa mtengo wa mango atakulunga juzi m'chiuno dzuwa lonse lija la ku Mtakataka, ukamuitana akuti mutu madam. Si mutu ayi, ali kumwezi, wavala kansalu, akuopa kuti akadumpha kagwa anyamata akuona. Chimbudzi chathu chitseko chinachoka, madzi palibe, akasinthire kuti? Ena amangothawa pa buleki osabwereranso mpaka sabata yamawa.

Achemwali a ku Leeds: Zoona madam. Palinso ya mabere, anthu safuna kuitchula. Mtsikana akuthamanga alibe bra yogwira bwino anyamata ali mbali mwa bwalo kukuwa, mawa lake sabweranso. Ndipo si kwathu kokha, a WHO, bungwe la United Nations loona zaumoyo, anapeza mu 2019 kuti pa dziko lonse atsikana 85 pa 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 sakwanitsa ola limodzi patsiku lomwe limafunika loti thupi lituluke thukuta.

Malume a ku Joni: Koma mapadi si boma linachotsa msonkho?

Achemwali a ku Leeds: Linachotsa mu 2022 malume koma pagolosale amagulitsabe ndalama, kholo lomwe likusowa ya sopo ligula mapadi mwezi ndi mwezi?

Msungichuma: Ine mantha anga ndi ena. Timange bwalo la netibo la simenti kenako anthu aziyanikapo mphale. Makolo ambiri salola mwana wamkazi kuvala siketi yaifupi pagulu, akuti wakula, ena akuti kumpira ndi komwe amatengako mimba. Ndiye tiwononge ndalama ana osabwera?

Anakubala a mother group: A Treasurer mwanena zoona koma makolowo ndife. Chomwe timaopa ndi mdima, prakatisi ikutha 6 koloko mwana akudutsa yekha m'minda kapena pa trading pomwe pali mabawa. Ikamatha 4 koloko, wophunzitsa akhale mzimayi, ana azibwerera limodzi a mudzi umodzi, palibe angakanize. Zovala asavutike nazo, tayiti yaitali mkati mwa siketi yakwana. Mapadi ochapa ife timasoka kale, chikutisowa ndi nsalu ndi ulusi. Ndipo musaiwale kuti dera lino ndi la malemu mfumu Theresa Kachindamoto omwe anathetsa maukwati a ana nkuwabweza kusukulu, ana abwererawo aziona kuti sukulu ili ndi malo awo.

Achimwene a ku Area 25: Malume mukuti mpira ndi wa anyamata koma pano amene akutchukitsa Malawi kunja ndi ndani? Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kwathu konkuno, Temwa anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Ma Scorchers anatenga COSAFA mu 2023. Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba anakasewera netibo mpaka ku Melbourne Vixens ku Australia. Ndiye graundi yathu atsikana alibe ngakhale tsiku limodzi, akangoyamba anyamata afika ndi mpira wawo nkuwathamangitsa.

Malume a ku Joni: Chabwino masiku awapatse, Lachiwiri ndi Lachinayi, zimenezo sizifuna ndalama. Koma mpanda ndikuufunabe, ng'ombe zikudutsa pakati pa gemu.

Mayi Aphunzitsi: Masikuwo alembedwe a mfumu asayine, apo ayi sabata ziwiri zokha abwerera. Ine sindikupempha simenti ya bwalo panopa. Chipinda chosinthira cha chitseko chokhoma, ndowa ya mpopi ndi sopo mkati, mapolo awiri a netibo, mipira, ndi nsalu za amayi a mother group. Njerwa makolo aumba okha.

Msungichuma: Zikatero mwina pangatsale ya magoli, mpanda udikire chaka chamawa. Madam tumizeni mndandanda ndifunse mitengo ya malata ndi simenti ku Dedza boma.

Wapampando: Mitengo ifike pofika Lachisanu, Loweruka tivota pompano. Ine ndikaonana ndi a mfumu ndi a komiti ya sukulu pa nkhani ya masiku a graundi. Amene simunapereke ya mwezi uno tumizani kwa a Treasurer.