Kodi ntchito ya child life specialist imafuna laisensi ya state?

Moni nonse pagulu pano. Ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndine CNA (Certified Nursing Assistant, wothandizira anamwino). Chaka chatha mwana wanga wazaka 6 anagonekedwa m'chipatala. Kunabwera mayi wina ndi chidole, n'kumuonetsa pachidolepo mmene amuikire drip, kachidole komweko n'kukamata pulasitala. Mwana amene analira usiku wonse anatambasula yekha mkono. Nditafunsa anandiuza kuti ndi child life specialist, katswiri wothandiza ana kuthana ndi mantha m'chipatala, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga uli pantchitoyi. Digiri ya zauphunzitsi ndili nayo ya kumudzi. Koma mwina tisamukira ku Texas. Ya CNA ndikudziwa kuti state iliyonse ili ndi kaundula wake, nanga iyi? Ndisawononge ndalama pachabe.

Mayi a Tadala: Achemwali, iyi si ngati unamwino womwe umadutsa ku Board of Nursing. State sipereka laisensi. Chomwe zipatala zimafuna ndi satifiketi ya CCLS (Certified Child Life Specialist) yochokera ku Child Life Certification Commission, pansi pa Association of Child Life Professionals (ACLP). Mukaipeza ku Indiana, ku Texas igwiranso.

Namondwe: Zoona, koma musaone ngati ndi zophweka. Pamafunika bachelor's, makosi 10 a ku koleji, imodzi yophunzitsidwa ndi munthu amene ali kale CCLS, kenako internship ya maola 600 musanalembe mayeso. Pa internship m'pamene ambiri amagwa ulesi. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo kawirikawiri salipira. Mng'ono wanga anakhala miyezi inayi akudya za mwamuna wake. Ndi mashifiti a CNA, mudzaphatikiza bwanji?

Wofunsa: Eeh, maola 600 osalandira kanthu? Nanga digiri ya ku Malawi amailandira?

Mayi a Tadala: Yambani mwaipititsa koiunika kuti aone ngati ikufanana ndi ya kuno, monga ku bungwe la WES (World Education Services), koma funsani kaye a ACLP kuti amavomereza bungwe liti musanalipire. Dziwaninso kuti satifiketiyo mumaikonzanso zaka 5 zilizonse.

Che Bwanali: Ine ndimaona kuti kusowa laisensiko n'kumene kumagwetsa malipiro. Inshuwalansi nthawi zambiri silipira ntchitoyi payokha, ndiye chipatala chikafuna kuchepetsa bajeti chimayambira kumeneko. Mayi, bwanji osachita unamwino wa RN (Registered Nurse)?

Wofunsa: RN ndinaiganizira, bambo, koma ine ndikufuna ya chidole ija. Alipo amene anachita internship ku Indianapolis kapena ku Houston? Andilembere ku inbox.