Uvuni uja pamalo a mashopu walamula ndani?

Mlembi: Abale onani chithunzi ichi, ndi pamalo pomwe tikufuna kumanga mashopu ndi holo paja. Anyamata aumba kale njerwa, uvuni ayimika, ndipo mitengo ya mango ya kumtsinje ija agwetsa kuti zikhale nkhuni.

Amisiri ku Joni: Aaa ayi abale. Walamula ndani zimenezi? Pamiting'i tinagwirizana mabuloko a simenti. Komanso si nkhani yoti tifune kapena tisafune, boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za bizinesi ndi za boma mu 2018, oyang'anira ake panthawiyo anali a bungwe loona za zomangamanga la NCIC, ndiye mashopu ochititsa lendi mukuwayesa nyumba yogona? Akadzaimitsa ntchito khoma litafika pawindo tidzalowera kuti

Tcheya: Amisiri mtima m'malo. Chigwereni kwacha mu November 2023 simenti sikugwirika. Njerwa dothi lake ndi lapompo.

Amisiri ku Joni: A Tcheya mukuwerengera mtengo wa njerwa imodzi basi. Buloko imodzi imatseka malo a njerwa zingapo, simenti yolowa pakati imachepa, pulasitala sadya zambiri poti khoma limatuluka lowongoka, pomwe za pa uvuni zina zimatuluka zosapsa zina zimasweka potsitsa mulole, mumalipira njerwa zomwe sizifika pakhoma. Ngati simenti yavutadi tibwereke makina opanira njerwa aja, za SSB, dothi lomwelo kusakaniza simenti pang'ono, kupana, kumathirira madzi pamthunzi mpaka zilimbe, moto osayatsa. Anyamata omwewo ganyu yawo ilipobe.

Amisiri ku Joni: Komanso pulani ija ndinatumiza ili ndi mawindo akuluakulu mbali zonse kuti masana tisamayatse magetsi ndipo mphepo izidutsa, magatala otengera madzi a padenga kupita mu thanki ya kuzimbudzi, ndi sola. Alipo anaitsegula?

Anaphiri: Ine mango aja andipweteka mtima, ana amatola pamenepo popita kusukulu. Za Freddy mu 2023 taiwala kale? Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira anthu ku Chilobwe, ife tikumeta gombe la mtsinje ndi manja athu.

Malume a ku Area 25: Mabulokowo safuna mchenga? Mchengawo muutenga kuti ngati si mumtsinje womwewo? Tisanamizane apa.

Amisiri ku Joni: Malume apo mwanena zoona, kukumba mchenga pafupi ndi mlatho nako ndi kuononga. Tigule fumbi la kwale, limaumba mabuloko olimba bwino.

Malume a ku Area 25: Tigule ndi ndalama ziti? Ine chikhalireni malisiti a ndalama za mjigo zija sindinawaone. Tinasonkha, mjigo sunakumbidwe, lero mukuti tumizaninso.

Msungichuma: Malume nkhani imeneyo ndinafotokoza kale, okumba aja anatenga dipoziti osabweranso. Mukunditenga ngati wakuba pagulu?

Malume a ku Area 25: Sindinatchule munthu. Ndati malisiti.

Anaphiri: Nanga poti oumba njerwawo akuti kapitawo wawo ndi mlamu wa munthu wina mukomiti momwemu, zoona?

Tcheya: Mayi, za m'maluwa musabweretse muno chonde. Ulemu.

Amisiri ku Joni: Tasiya nkhani. Uvuniwo usayatsidwe, njerwa zaumbidwazo zigwire ntchito ngati zidina pa shedi yosungira zipangizo, ndipo pomwe adula mango tidzale mibawa ndi nsungwi mvula ikayamba. Ine ya makinawo ndilipira ndekha koma ndilipira kwa mwini makina, osadzera muthumba la gulu.

Msungichuma: Ndiye kuti nanunso simundikhulupirira achimwene?

Tcheya: Tikambirana Lamlungu pa call, 7 madzulo.

Malume a ku Area 25: Lamlungulo buku la mjigo libwere, apo ayi ine musandiwerengere.

Msungichuma: Bukulo lili kwa mlembi wakale, mufunseni ameneyo.